Volovolo ya agogo musaipititse kwa wowotcherera

Ana anga a kuno kwa Mwambo, m'mabokosi achitsulo amene agogo athu adabwera nawo kuchokera kunkhondo, ku Joni ndi ku Halale muli zinthu zambiri zimene eni ake adamwalira osazifotokoza. Muli mabatani amkuwa, mamendulo odetsedwa, zitupa za msonkho, mabuku a nyimbo othothoka masamba. Ndipo m'nyumba ina yapatalipatali, pansi penipeni pa bokosi, m'chiguduli chonunkha oyilo, mumapezeka volovolo. Kale zoterezi zinkangogona mpaka chiswe ndi dzimbiri zitagawana bokosilo. Koma madzi osefukira a mu 2015, kenako Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023, adagwetsa makoma ambiri m'mbali mwa Likangala ndi Phalombe, ndipo zobisika zidayamba kuonekera. Wozipeza nthawi zambiri amakhala mnyamata amene akufukula chibumi cha nyumba yakugwa kapena akusasula denga lakale. Mafunso ake amakhala awiri basi: zipolopolo zake ndikazipeza kuti, nanga ndani angaikonze kuti iyambenso kulira?

Ine ndakalambira pa vayisi ndi tupa, ndipo ndikuyankhani mosapsatira. Zipolopolo zake zodalirika kuno kulibe. Mmisiri woikonza bwino kuno kulibenso. Amene angakuuzeni kuti zonse ziwirizi angakupezereni, ameneyo ndiye muzimuopa kuposa mfutiyo.

Yambani mwadziwa chimene chili m'manja mwanu. Volovolo zambiri zakale zimene zidafika ku Nyasaland zinali za kampani ya Webley ya mumzinda wa Birmingham ku Mangalande. Asilikali a Britain adayamba kuzigwiritsa ntchito mu 1887, ndipo yotchuka kwambiri, Mark VI, idatuluka mu 1915, Nkhondo Yaikulu Yoyamba ili mkati. Ndi chitsulo cholemera ndithu, kilogalamu imodzi ndi kapamwamba, chokhala ndi mpope wotalika mainchesi 6 ndi silinda ya mabowo 6. Kunsi kwa chigwiriro kuli kamphete komangirirapo chingwe chimene msilikali ankakoleka m'khosi kuti mfuti isatayike m'tchire. Imatsekuka pakati, mpope n'kugwada pansi, ndipo kachitsulo konga nyenyezi kamakankha zigoba zonse pamodzi. Dzimbiri likakhala kuti silinadye kwambiri, pambali pake mumaona dzina la Webley, chaka chimene idapangidwa, tizizindikiro ta chisoti chachifumu toonetsa kuti idayesedwa, ndi kamuvi ka nthambi zitatu kotanthauza kuti ndi katundu wa boma la Britain. Ina yocheperapo ndi Enfield No. 2, imene idalowa usilikali mu 1932. Zina mwa zimenezi kanyundo kake kalibe kamchira kokokera ndi chala chachikulu. Sizinathyoke ayi, adazipanga choncho kuti zisamakole zovala za asilikali a m'akasinja. Palinso timfuti tifupitifupi tonenepa, ta mtundu wa British Bull Dog wa m'ma 1870, timene amisiri a mumzinda wa Liège ku Belgium ankatengera ndi kugulitsa motchipa kwa amalonda ndi apaulendo.

Zonsezi zimafanana pa chinthu chimodzi, ndipo m'menemo ndi mmene muli vuto lonse la kukonza. Pa mfuti zakale kwambiri, munthu ankayamba wakoka kanyundo ndi chala chachikulu, kenako n'kukoka chokokera. Pa izi ayi. Kukoka chokokera kamodzi kokha kumagwira ntchito zitatu motsatizana: kumazunguza silinda, kumakweza kanyundo, kenako kumakamasula kuti kamenye chipolopolo. Zitatuzi ziyenera kugwirizana m'kuphethira kwa diso. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, ndibwererako.

Nanga zidafika bwanji m'midzi yathu? Pano ndifuna ndiwongole nkhani imene ndimamva m'mabanja ambiri, yoti agogo adapatsidwa volovolo kunkhondo monga mphoto. Zomba unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo unali kwawo kwa asilikali a King's African Rifles, gulu limene lidakhazikitsidwa mu 1902. Kampu ya Cobbe imatchedwa dzina la Alexander Cobbe, amene adalandira mendulo ya Victoria Cross pankhondo ya ku Somaliland chaka chomwecho, akutsogolera asilikali ochokera kuno. Agogo athu adamenya nkhondo ku Karonga mu 1914, adathamangitsana ndi asilikali a Germany a von Lettow-Vorbeck m'matchire a Tanganyika ndi Mozambique, ndipo pankhondo yachiwiri adafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ena adakafikanso ku Malaya m'ma 1950. Koma msilikali wamba wachikuda ankanyamula mfuti yaitali ya .303, ndipo wamtengatenga ankanyamula katundu pamutu, wopanda chida n'chimodzi chomwe. Volovolo inali makamaka ya mabwana. Pochoka usilikali munthu ankabweza zida zonse. Choncho volovolo imene ili m'bokosi la kwanu idadzera njira ina: kapena idatoledwa pamalo a nkhondo, kapena idachokera kwa mzungu wa esiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo, kapena idagulidwa mwachinsinsi ku migodi, kapenanso idaoloka nyanja ya Chilwa m'bwato kuchokera tsidya la Mozambique. Sindikunena izi pofuna kunyoza akufa. Ndikunena kuti mudziwe kuti mfuti yotereyi kawirikawiri ilibe pepala lililonse, ndipo agogowo sankaibisa mwamasewera. Atsamunda sankafuna munthu wakuda akhale ndi chida chamakono, makamaka chichitikireni cha January 1915, pamene anthu a John Chilembwe adathyola mosungira zida pa Mandala ku Blantyre.

Tsopano zipolopolo. Anyamata ambiri amaganiza kuti chipolopolo ndi chipolopolo, bola chilowe m'bowo. Mfuti iliyonse idapangidwira muyeso wake, ndipo muyesowo si kukula kokha komanso mphamvu ya kuphulika imene chitsulocho chingapirire. Webley yaikulu ija imadya .455. Asilikali a Britain eni ake adausiya muyeso umenewu kalekale, n'kutembenukira ku .38 ya Enfield, kenako ku pisito ya Browning ya 9mm, ndipo pofika m'ma 1960 volovolo zinali zitapumitsidwa. Lero makampani ochepa okha, monga Fiocchi ya ku Italy, ndiwo amapangako .455, mwa apo ndi apo, kupangira anthu osunga zida zakale ku Ulaya ndi ku America. Palibe chifukwa choti wamalonda wa ku Limbe kapena ku Lilongwe avutike ndi mapepala oitanitsira chinthu chimene wochigula mwalamulo palibe.

Ya .38 ndiyo imanamiza anthu kwambiri, chifukwa dzinalo amalimva m'mafilimu. Koma .38 ya Enfield ndi Webley ndi ya banja la .38 S&W, ndipo si yofanana ndi .38 Special imene idafala pambuyo pake. Zigoba zake zimasiyana kutalika ndi kunenepa, ndipo nsonga zake zimasiyana pang'ono chabe, moti ndi maso simungaone. Kusiyana kwakung'onoko m'mfuti n'kwakukulu. Anthu a ku America, amene ali ndi amisiri ndi makina amene ife tilibe, adagwa m'mbuna yomweyi. Nkhondo yachiwiri itatha adagula ma Webley ochuluka otsala ku usilikali, ndipo posowa .455 adapala kumbuyo kwa masilinda kuti mulowe zipolopolo zawo za .45 ACP. Zidalowa ndithu, ndipo zidalira. Koma chipolopolo chimenecho chimakankha chitsulo ndi mphamvu yoposa imene Webley idapangidwira ndi pafupifupi theka lina pamwamba, ndipo mpaka lero akatswiri a kumeneko amachenjeza za mfuti zimenezi chifukwa zina zidang'ambika masilinda. Timfuti ta Bull Dog tija ndiye n'toopsa koposa. Tidapangidwira wonga wakuda wautsi, wofanana ndi wa gogodela. Wonga wopanda utsi udatulukira ku France mu 1884, ndipo umaphulika mwaukali umene chitsulo chofewa cha timfuti totchipato sichingathe.

Mwina mukuti, m'bokosimo mulinso zipolopolo zake zenizeni, zisanu kapena khumi, m'kachitini ka fodya. Ziyang'aneni bwino, osazigwiragwira. Mkuwa wake wachita zobiriwira m'mphepete, mtovu wa kunsonga wachita fumbi loyera, ndipo zina zili ndi mng'alu wowonda ngati tsitsi pakhosi pa chigoba. Zakhala zaka 80 kapena 100 m'dziko la chinyezi, pafupi ndi nyanja ya madzi amchere, m'nyumba imene imatentha mu October n'kunyowa mu February. Chipolopolo chotere chimachita chimodzi mwa zinthu zitatu, ndipo simungadziwiretu kuti chichita chiti. China chimangokhala duu. China chimachedwa: kanyundo kamenya, pachita zii, mwini mfuti aitembenuza kuti aone chavuta n'chiyani, ndiye chimaphulika. China chimaphulika mofooka, nsonga n'kukakamira pakati pa mpope. Munthu akakokanso kachiwiri, nsonga yachiwiri imagunda yoyamba ndipo mpope umatupa kapena kusweka. Mwa zitatuzi chabwino ndi choyamba, ndiye kuti mwayi wanu waukulu ndi woti mfutiyo ikane.

Palinso chinthu chimene zipolopolo zakale zidasiya m'mfutimo. Kamankhwala koyatsira ka kumbuyo kwa chigoba kankasiya mchere m'mpope. Msilikali ankaphunzitsidwa kutsuka mpope ndi madzi otentha tsiku lomwelo limene wawombera. Mfuti imene idawombedwa komaliza n'kubisidwa mwachangu osatsukidwa yakhala ikudyeka mkati zaka zonsezi, pamene kunja kuli kosalala ndi oyilo wa chiguduli chija. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ena, pomva kuti zipolopolo kulibe, amayamba kufunsafunsa kwa osaka mbalame a kudambo kapena kwa opanga gogodela ngati angawadzazire zigoba zakale. Za zimenezi sindikuphunzitsani kanthu, ndipo amene ali ndi nzeru sangakuphunzitseni. Ndingokuuzani mathero a munthu amene ankazidziwa bwino kuposa aliyense wa kuno. Mu 2017 khoti la ku Birmingham, kwawo kwenikweni kwa Webley, lidagamula Paul Edmunds, wogulitsa zida zakale, kuti akakhale m'ndende zaka 30 chifukwa chogulitsa mavolovolo amakedzana ndi zipolopolo zodzipangira zimene zidakathera m'manja mwa zigawenga. Mu 2021 dziko la Britain lidakhwimitsa lamulo la mfuti zakale, n'kuchotsa miyeso ingapo, kuphatikizapo .442 ya timfuti ta Bull Dog, pa mndandanda wa zimene munthu angasunge popanda chiphaso. Eni ake a mfutizi adaona kuti ukalamba wa chida suchotsa ululu wake.

Tibwere pa kukonza, pamene pali mtima wanga. Amisiri athu a pa Jali ndi pa Kachulu sindiwapeputsa. Ndawaona akuukitsa njinga yakufa, akusula giya ya chigayo, akulumikiza shafiti ya injini ya boti ndi zida zosakwana m'thumba limodzi. Koma luso lawo lonse lagona pa mfundo yakuti chinthu chikalakwika pang'ono, chimakuuza: chimalira, chimagwedera, chimatentha, ndipo umazimitsa n'kukonzanso. Mfuti ilibe kuuza kotere. Kuyesa kwake ndi kumodzi, ndipo kumachitikira m'dzanja mwako, pafupi ndi nkhope yako.

Mnyamata wina adandibweretsera Webley m'thumba la feteleza. Adaipukuta ndi sandipepa mpaka kunyezimira, osadziwa kuti wafufuta theka la zolembedwa, zimene zinali chinthu chokhacho chamtengo pa chitsulo chonsecho. Titatsimikiza kuti mabowo onse ndi opanda kanthu, ndidamuuza agwire silinda ndi zala ziwiri aigwedeze. Idagwedera uku ndi uku, n'kumveka kakaka. Ndidamuuza ayang'ane pamene mpope umakumana ndi thupi la mfuti, pa loko yapamwamba. Padali mpata woti n'kulowetsa chikhadabo. Kenako tidaunika m'mpope ndi tochi ya foni. Mizere yozungulira imene imapotoza chipolopolo inali itatha, mkati monse muli timaenje takuda. Iye ankaona mfuti yonyezimira yongofuna sipuling'i yatsopano. Ine ndinkaona chitsulo chimene ntchito yake idatha ine ndisanabadwe.

Kumbukirani ntchito zitatu zija. Mkati mwa volovolo muli kadzanja kakang'ono kamene kamakankha mano a kumbuyo kwa silinda kuti izungulire, ndi kachitsulo kena kamene kamatuluka n'kuigwira kuti iime. Bowo la silinda liyenera kuima ndendende kutsogolo kwa mpope kanyundo kasanagwe. Kadzanjako kakadyeka ngakhale pang'ono chabe, silinda imaima isanafike, ndipo chipolopolo chimagunda m'mphepete mwa mpope. Zikakhala zochepa, tizidutswa ta mtovu timathovokera m'mbali n'kulasa woimirira pafupi, amene kawirikawiri amakhala mnzako kapena mng'ono wako wodzaonerera. Zikakula, silinda imang'ambika ndipo chitsulo chapamwamba chimauluka. Ku fakitale ya Webley tizitsulo timeneti sitinkangolowetsedwa ayi. Mmisiri ankatipala ndi dzanja kuti tigwirizane ndi mfuti imodzi yokhayo, n'chifukwa chake nambala ya mfuti amaidinda pa thupi, pa mpope ndi pa silinda. Ndiye ngakhale mutapeza volovolo ina yofanana n'kuchotsako kadzanja, si kuti kakagwira bwino ntchito m'yanuyo. Ndipo fakitale ya ku Birmingham ija idasiya kupanga mavolovolo zaka zoposa 40 zapitazo. Zotsala zili m'madirowa a amisiri okalamba a ku Britain, ku America ndi ku South Africa, ndipo kutumiza chiwalo cha mfuti kudutsa malire kumafuna zilolezo za mayiko awiri.

Choipitsitsa ndi moto. Wowotcherera akaona mng'alu, dzanja lake limathamangira ku ndodo yowotcherera, chifukwa ndi mmene amachitira ndi khasu ndi felemu ya njinga. Chitsulo cha mfuti chidaumitsidwa mwa muyeso ku fakitale, malo ena molimba, malo ena mosiyako kuti chizipirira kugunda. Ukachiwotcha, pafupi ndi chilondacho pamafewa, penapake pamauma mopitirira n'kukhala pophweka kusweka, ndipo kunja sikuoneka kusintha kulikonse. Sipuling'i yosula kuchokera ku ya wotchi kapena ya ambulera imagwira masiku angapo, kenako imathyoka kapena kumasula kanyundo pa nthawi imene sunafune. Ku Britain, mfuti imene yakonzedwa pa ziwalo zonyamula mphamvu iyenera kukayesedwanso ku nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham kapena ku London, kumene amaiwomba ndi chipolopolo champhamvu yopitirira ili m'chipinda chotseka, munthu ali kutali. Kuno nyumba yoteroyo kulibe. Woyesa amakhala mwini wake, kuseri kwa chulu, ndi dzanja limene mawa lake liyenera kupalasa bwato kapena kumweta mpunga.

Amisiri enieni a mfuti m'dziko muno alipo, koma ali ku usilikali ndi ku polisi, ndipo ntchito yawo ndi zida za boma. Sangakhudze mfuti yopanda mapepala kuti aikonzere munthu wamba. Akatero ntchito yawo yatha. Choncho aliyense amene wavomera kukukonzerani ndi mmodzi mwa awiri: wosadziwa, kapena wodziwa amene amakonzera mbava. Woyambayo akuphulitsani zala. Wachiwiriyo tsopano akudziwa kuti m'nyumba mwanu muli mfuti, ndipo tsiku lina anzake adzabwera kudzaibwereka.

Ndikudziwa chimene chimakukokani, ndipo sindichiseka. Nthawi yokolola mpunga ku sikimu ya Likangala, munthu amagona ndi matumba m'nyumba mtima uli m'mwamba. Wakabaza wa njinga yamoto amaopa kunyamula mlendo madzulo. Wogula matemba ndi makumba pa Kachulu amayenda ndi ndalama m'thumba. Mumati bola kukhala ndi choopsezera. Koma ganizani bwino za chida chimene simudziwa ngati chilira. Mukachitulutsa pamaso pa mbava ya chikwanje, mwaiuza kuti ikutheni msanga. Ikakulandani, mwapatsa chigawenga mfuti. Chikalira n'kupha munthu, ngakhale wakubayo, mlandu woyamba ndi wa mfuti yopanda chiphaso, ndipo woweruza adzamva zina zonse ali kale ndi chithunzi chanu choipa. Lamulo la mfuti la dziko lino, la mu 1967, silifunsa ngati mfutiyo ndi ya agogo kapena ngati ili ndi dzimbiri. Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Mfuti yomweyo ikapezeka pa umbava, chilango chake chimatha kufika pa ndende ya moyo wonse. Ndipo mukudziwa mmene anthu amachitira masiku ano pamsika akangomva kuti uje wapezeka ndi mfuti: safunsa chaka chimene idapangidwa. Ndende za Mikuyu ndi Mpyupyu zili pafupi nafe pompano, sitichita kuuzidwa ndi alendo.

Dziko lathu lidalawapo kale za mfuti zoyendayenda. Nkhondo ya ku Mozambique isanathe ndi pangano la ku Rome mu 1992, ndiponso itangotha, ma AK-47 ankaoloka malire motchipa, ndipo ife a m'mbali mwa Chilwa tinali pakhomo penipeni. Mu December 1993 asilikali adalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa iwo adathawira tsidya lomwelo. Pangano la mayiko a SADC lothana ndi kufala kwa mfuti ndi zipolopolo lidasainidwa ku Blantyre mu 2001. Anzathu a ku Mozambique adachita chinthu chimene ndimachilemekeza. Kuyambira 1995, bungwe la mipingo yachikhristu kumeneko, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkalandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri ankawotcherera zidutswazo kukhala zosema. Mpando wopangidwa ndi mfuti zotere, ntchito ya Cristóvão Canhavato, uli ku British Museum ku London. Kumeneko ndiye kuwotcherera mfuti kumene ndingakuvomerezeni.

Ena sakufuna kuwombera, akufuna kugulitsa. Amva kuti azungu amagula zinthu zakale ndi ndalama zankhaninkhani, monga mmene anthu adapengera ndi mphekesera za nsimbi zamakala ndi ndalama zachitsulo zabowo. Zoona, Webley yosamalika bwino, yosapalidwa, ya manambala ogwirizana, imagulidwa ndi osunga zakale kunja. Koma adazipanga zambirimbiri, sizosowa, ndipo ya dzimbiri yopukutidwa ndi sandipepa ilibe woifuna. Ku Britain komweko munthu wamba adaletsedwa kusunga mfuti zam'manja kuyambira 1997, potsatira kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane chaka cha 1996. Nanga inu mukaitulutsa bwanji m'dziko muno, pa Chileka kapena pa Mwanza? Wogula yekhayo amene angafike pakhomo panu ndi ndalama m'manja si wosunga zakale.

Ndiye muchite chiyani? Mukaipeza, muitenge ngati yodzaza ngakhale ioneke yakufa. Musaloze munthu, musaike chala pa chokokera, ndipo ikakhala yomata ndi dzimbiri musaimenye ndi hamala kapena kuithira moto kuti itsekuke. Mkatimo mungakhale chipolopolo chimene chakhala chikudikira kuyambira nthawi ya atsamunda. Chotsani ana, tsekani chipinda. Zipolopolo musaziponye pamoto, musazitaye m'chitsime kapena m'dzala pamene ana amatola zitsulo zokagulitsa. Musaikwezenso minibasi kupita nayo ku Zomba nokha, chifukwa pa rodibuloko palibe amene angakhulupirire kuti mumakaipereka. Pitani kwa a mfumu, tsiku lomwelo, muwafotokozere. Iwo ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi akuperekezeni kukanena ku polisi, ndipo apolisiwo abwere adzaitenge pamene ili. Amene wanena yekha, pamaso pa mboni, amaoneka mosiyana kwambiri ndi amene wagwidwa nayo. Ndipo musajambulitse nayo chithunzi choika pa Facebook kapena pa WhatsApp. Chithunzicho chidzafika kwa apolisi inu musanafike.

Koma apolisi asanafike, pali ntchito imene ndikukupemphani, ndipo ndi imene anyamata ambiri amaiphonya. Osaisuntha, jambulani zolembedwa zonse zimene zikuoneka, mulembe m'kope nambala, chaka ndi zizindikiro. Kenako tembenukirani ku zina za m'bokosimo, zimene poyamba mudazikankhira pambali. M'mphepete mwa mamendulo ambiri a Nkhondo Yoyamba adadindamo nambala ya msilikali, dzina lake ndi gulu lake. Kabuku kochokera usilikali kamanena kumene adamenya nkhondo ndi chaka chimene adabwerera. Zimenezi n'zanu, palibe lamulo lokuletsani kuzisunga, ndipo ndi nambala imeneyo mungathe kukafunsa ku National Archives ku Zomba, kapena kukayang'ana mayina pa chipilala cha KAR pafupi ndi kampu ya Cobbe. Melvin Page adalemba buku lake la The Chiwaya War chifukwa chakuti m'ma 1970 iye ndi ophunzira ake adayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zidaona nkhondoyo zisanathe. Nkhalamba zimenezo zidapita, koma ana awo aakazi ena akadali moyo, ndipo ndi amene ankasesa m'chipinda momwe munali bokosilo. Khalani nawo pansi azakhali anu ndi agogo anu aakazi, muwafunse kuti bambo awo adabwera chaka chiti, adabwera ndi ndani, ankalota zotani usiku, ndipo chifukwa chiyani sankalola munthu kukhudza bokosi limenelo. Lembani mmene akunenera, m'Chinyanja, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, osakonza mawu awo.

Apolisi akafika, apempheni mwaulemu kuti akulembereni kapepala kosonyeza tsiku, mtundu wa mfuti, nambala yake ndi kuchuluka kwa zipolopolo zimene atenga, a mfumu asaineponso. Ngati mfutiyo ikuoneka kuti ili ndi mbiri, auzeni kuti banja lingakondwe itakaonedwa ndi a nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri isanaonongedwe. Kuvomera kapena kukana n'kwa iwo. Kapepalako mukasunge pamodzi ndi mamendulo ndi kope lija, m'pepala la pulasitiki, pamalo okwera pamene madzi a Likangala sangafike.